Ana a m'Chigwa pa Maphunziro a Udokotala ndi Sayansi

Chidule cha khutba ya Jumu'ah

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse n'kwa Allah, Mwini moyo ndi imfa, yemwe amayesa akapolo Ake ndi matenda, ndipo mwa chifundo Chake amatsegula njira za machiritso kwa amene akuzifunafuna. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndiponso kuti Muhammad ndi kapolo Wake komanso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa Maswahaba ake ndi pa onse owatsatira mwaubwino kufikira tsiku la Kiyama.

Pambuyo pa izi: E inu akapolo a Allah! Tikudzilangiza ife eni ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri, pakuti kumuopa Iye ndiye kamba wa paulendo yemwe satha.

Abale ndi alongo olemekezeka, amene mwayang'ana bwino m'mizere ya Swala lero mwaona nkhope zomwe sitinazione kwa miyezi ingapo. Amenewa ndi ana athu omwe abwera ku tchuthi kuchokera ku sukulu za ukachenjede, ena ku Blantyre, ena ku Thyolo, ena ku Lilongwe ndi ku Zomba. Ndi owerengeka, koma zaka zapitazo sitikanawapeza ngakhale owerengekawo. Masiku apitawa tinakhala nawo pansi pambuyo pa Swala ya Asr, ndipo anatifotokozera za maphunziro awo ndi zomwe mitima yawo ikukhumba. Khutba ya lero yachokera pa zomwe tinamva. Mfundo yake ndi imodzi: chigwa chino cha Chikwawa ndi Nsanje chikusowa madokotala ndi akatswiri a sayansi obadwira momwemo, ndipo kuwapeza kwake ndi udindo womwe Allah adzatifunsa tonse, ophunzira ndi osaphunzira omwe.

Kumene tachokera

Kuti tidziwe kukula kwa mtendere womwe tili nawo, tiyambe takumbuka momwe zinalili. M'nthawi ya atsamunda, mwana wa m'dziko lino analibe sukulu yoti akaphunzire udokotala. Munthu woyamba wa kuno kupata digiri ya udokotala, Dr. Daniel Sharpe Malekebu, anachita kuwoloka nyanja yamchere kukaphunzira ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville ku America, sukulu yomwe inakhazikitsidwa mu 1876 kuti iphunzitse anthu akuda pomwe sukulu zina zinkawatsekera zitseko. Anamaliza mu 1917, ndipo mu 1926 anadzakhazikika ku Chiradzulu n'kuyamba kutumikira anthu akwawo. Dr. Hastings Kamuzu Banda anamaliza pa sukulu yomweyo mu 1937. Taonani kutalika kwa ulendo womwe munthu wakuda ankayenda kuti aloledwe kugwira mpeni wa opaleshoni!

Ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964, ana athu ankatumizidwabe kunja kukaphunzira udokotala, ndipo ambiri mwa iwo sankabwerera. Munali mu 1991 pomwe College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre, pafupi ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Mu 2021 sukuluyi inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, yomwe ambiri amangoitchula kuti KUHeS. Mu 2014 sukulu ya ukachenjede ya sayansi ya MUST inatsegulidwa ku Ndata m'boma la Thyolo, lomwe tachita nalo malire. Choncho chomwe Dr. Malekebu anachiwolokera nyanja, lero mwana wa ku Dyeratu amachipeza akangokwera phiri la Thabwa.

Ife Asilamu tili ndi mbiri yathuyathu pa nkhaniyi, ndipo tisachite nayo manyazi poinena. Pomwe sukulu zambiri zinali m'manja mwa mamishoni, agogo athu ambiri sanatumize ana awo kusukulu poopa kuti akataya chipembedzo. Anasunga Chisilamu, ndipo tikuwapemphera kwa Allah kuti awalipire zabwino, koma zotsatira zake tinatsalira m'mbuyo pa maphunziro kwa mibadwo ingapo. Chifukwa chomwe iwo anali nacho lero palibe. Ngati titsaliranso, sipadzakhala wina womuloza chala.

Zomwe maphunzirowa atichitira kale

Wina angafunse kuti: kodi sayansi imeneyi yatipindulira chiyani ife a kuno kuchigwa? Akuluakulu omwe muli pano mukukumbuka agogo omwe ankatsogoleredwa ndi kamwana atagwira ndodo chifukwa cha matenda a maso a trachoma, aja amapinda chikope mpaka nsidze kumakanda diso. Chigwa chino chinali m'gulu la madera omwe matendawa anazika mizu. M'zaka za m'ma 1980, Dr. Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa matenda a maso, anatenga nawo mbali pa kafukufuku wa maso a ana m'midzi ya kuno. Ena anapitiriza ntchitoyo powerenga odwala mudzi ndi mudzi, kugawa mankhwala, kuchita maopaleshoni a zikope ndi kuphunzitsa anthu kusamba kumaso ndi madzi aukhondo. Mu 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti Malawi wathana ndi trachoma monga vuto la umoyo wa anthu ambiri. Alhamdulillah. Mwana wobadwa lero ku Ngabu mwina sadzaliona n'komwe khungu lotere.

Chimodzimodzinso malungo, omwe atitengera ana ambiri m'chigwa chotentha chino. Mu April 2019 Malawi anakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera m'zipatala za boma, patsogolo pa Ghana ndi Kenya, ndipo Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma 11 omwe anayambira. Bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, lomwe linayamba mu 1995, lakhala likuchita kafukufuku wa malungo m'midzi ya Chikwawa kwa zaka zambiri. Oyeza magazi, ogwira udzudzu usiku ndi olemba ziwerengero pa ntchito zoterezi ambiri ndi achinyamata a dziko lino omwe anadutsa m'sukulu zomwe tatchulazi.

Koma ntchito yotsala ndi yaikulu kuposa yomwe yagwiridwa. Tikukumbuka madzi osefukira a mu January 2015, pomwe mtsinje wa Ruo unasintha njira ndipo Makhanga anasanduka chilumba. Tikukumbuka namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu January 2022 yemwe anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mpaka anaima kupitirira chaka, ndi wa Freddy mu March 2023. Tikukumbuka kolera yemwe anabuka mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Nthawi zonse zoterezi misewu imaduka, ndipo wodwala wa kutsidya la kum'mawa kwa Shire amatsala ndi yekhayo wachipatala yemwe ali naye pafupi. Kuchokera pa boma la Nsanje kukafika ku Queen Elizabeth ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180. Ife tomwe tinaswalira janaza ya mlongo wathu wina yemwe anamwalira ali pa ulendo wofuna thandizo mwana atapingasa m'mimba, pa nthawi yomwe mitsinje inali itadzaza. Imfa yake inalembedwa ndi Allah, ndipo sitikutsutsana ndi chikonzero Chake. Koma kusowa kwa munthu wodziwa opaleshoni pafupi ndi mudzi wake ndi nkhani yomwe ife amoyo tiyenera kuiyankha.

Njira yomwe ana athu ayenda

Tsopano tiyang'ane ana omwe akhala pakati pathuwa, kuti tidziwe chomwe achita. Ambiri a iwo sanaphunzire pa sukulu zotchuka. Anachokera m'sukulu zoyendera za m'midzi, zina zopanda labotale, momwe mwana amaphunzira Chemistry pa bolodi osaonapo ndi maso ake mankhwala awiri akusakanizidwa. Anawerenga m'miyezi ya October ndi November kutentha kukupitirira madigiri 40, ena pa kuwala kwa tochi ya foni. Ena makalasi awo anasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo anataya masabata ambiri osaphunzira. Komabe analemba mayeso a MSCE omwewo omwe analemba ana a m'mizinda, napikisana nawo pa malo ochepa omwe alipo, napambana. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Kusankhidwa ndi chiyambi chabe. Wofuna udokotala amayamba ndi chaka chokonzekera, chomwe amalimbana ndi Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Kenako pamabwera zaka zisanu: zoyambirira amaphunzira mmene thupi la munthu linapangidwira ndi mmene matenda amaligwirira, zotsatira amazithera m'mawodi, kuyenda pambuyo pa madokotala akuluakulu kwa ana, kwa amayi oyembekezera, ku opaleshoni ndi kwa odwala matenda a m'thupi. Akamaliza amagwirabe ntchito moyang'aniridwa kwa nthawi yoposa chaka asanaloledwe ndi Medical Council of Malawi kuima payekha. Makolo dziwani zimenezi, kuti musamufunse mwana wa chaka chachiwiri chifukwa chomwe sanayambe kutumiza ndalama kumudzi, kapena kumuumiriza kuti alembere mankhwala azakhali ake pomwe sanafike pamenepo.

Ndipo tisaganize kuti wopambana ndi dokotala yekha. Ku KUHeS komweko ena akuphunzira za mankhwala, za mano, za kuyeza magazi m'labotale, za unamwino ndi uzamba. Malawi College of Health Sciences imaphunzitsa ma clinical officer, omwe m'zipatala za m'maboma ndiwo amachita maopaleshoni ambiri a amayi ovutika pobereka. Kwathu konkuno ku Muona kuli sukulu ya anamwino ya Trinity. Ku MUST kuli maphunziro a zanyengo, a kasamalidwe ka ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi a kukonza makina a m'chipatala. Ku LUANAR kuli maphunziro a ulimi wothirira ndi udokotala wa ziweto. Onsewa ndi zipilala za nyumba imodzi.

Zomwe mitima yawo ikukhumba

Titawafunsa zomwe akufuna kudzachita, mayankho awo anatisangalatsa chifukwa anali ochokera m'nthaka yomwe anakulira. Mnyamata wina, mwana wa msodzi wa ku dambo la Elephant Marsh, anati akufuna kudzakhala katswiri wa opaleshoni ya mafupa, chifukwa waona anthu ambiri olumidwa ndi ng'ona akudulidwa miyendo yomwe ikanapulumuka akanafika msanga kwa wodziwa. Mtsikana wina anati akufuna kudzakhala dokotala wa amayi, kuti mayi wa kumudzi adzathe kufotokoza vuto lake m'Chisena kapena m'Chimang'anja popanda womasulira ndiponso popanda manyazi. Wina akuphunzira za miyala ndi madzi a pansi pa nthaka, ndipo funso lomwe likumusowetsa tulo ndi lomwe tonse timalidziwa: n'chifukwa chiyani mijigo yambiri ya kuno imatulutsa madzi amchere, ndipo tikumbe pati kuti tipeze abwino? Wina akufuna kudzathana ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe, omwe akabuka misika ya ziweto imatsekedwa ndipo mabanja amasowa pogwira. Winanso maso ake ali pa ngalande yaikulu yothirira yomwe inayamba kukumbidwa mu 2020 kuchokera ku Kapichira, yomwe cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 40,000. Iye anafunsa kuti: madziwo akadzafika m'minda, adzayeze nthaka ndi kuyang'anira mipope ndani ngati si ife?

Panalinso mmodzi yemwe anayankhula mosabisa. Anati akadzamaliza akufuna kupita kunja, chifukwa waona akuluakulu ake omaliza maphunziro akukhala miyezi yambiri osalembedwa ntchito, ndipo olembedwawo akugwira usana ndi usiku, zipangizo zili zoperewera, malipiro osafika kumapeto a mwezi. Sitinamudzudzule, pakuti zomwe ananena si zabodza. Tibwereranso kwa iye mu khutba yachiwiri.

Chilamulo cha maphunzirowa

E inu Asilamu! Ma Ulama anagawa maphunziro okakamizidwa m'magulu awiri. Pali fardh ain, omwe munthu aliyense payekha ayenera kuwadziwa, monga Tawhid, twahara ndi Swala. Palinso fardh kifaya, omwe akawaphunzira anthu okwanira m'dera, ena onse amapepukidwa, koma akawasiya onse, tchimo limagwera dera lonse. Imam Al-Ghazali, yemwe anamwalira mu 1111, m'buku lake la Ihya Ulum al-Din anaika udokotala ndi masamu m'gulu lachiwirili, ndipo anadandaula kuti anthu a m'nthawi yake ankathamangira maphunziro opatsa maudindo ndi ulemu, n'kusiya mizinda yawo yopanda madokotala okwanira.

Izi sizinali zachilendo m'Chisilamu. M'nthawi ya Mtumiki (SAW), mayi Rufaida Al-Aslamiya anali ndi tenti ku Madina momwe ankasamaliramo ovulala, ndipo Sa'd bin Mu'adh atavulala pa nkhondo ya Khandaq anagonekedwa m'tenti imeneyo. Patapita zaka, Al-Razi analemba kusiyana kwa nthomba ndi chikuku. Al-Zahrawi wa ku Cordoba anajambula ndi kufotokoza zipangizo zambiri za opaleshoni. Buku la Ibn Sina lotchedwa Al-Qanun linaphunzitsidwa m'sukulu za ukachenjede za ku Ulaya kwa zaka mazana. Anthu amenewa sanaone kusemphana pakati pa kuyadzamira kwa Allah ndi kufufuza mankhwala. Wochiza ndi Allah. Dokotala ndi mankhwala ndi njira zomwe Iye anaziika.

Choncho mwana wathu akamagona mochedwa akuloweza mayina a mitsempha, ali ndi niya yofuna kuthandiza zolengedwa za Allah, ndithudi ali mu ibada, ndipo akutisenzera tonsefe katundu yemwe akanatilemera pa tsiku la Kiyama. Tikunena mawu athuwa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, ndithudi Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa n'kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake. Abale ndi alongo, fardh kifaya sitha ndi kuombera m'manja. Tili ndi mawu kwa magulu atatu.

Kwa inu ophunzira

Choyamba, konzani niya. Dzina loti dokotala ndi lokoma kulimva, koma wolifuna chifukwa cha ulemu wokha amatopa msanga akakumana ndi fungo la m'wodi. Chachiwiri, dziwani kuti maphunziro anu ndi amana. Wobera mayeso a udokotala sanabere mphunzitsi wake, wabera wodwala yemwe adzagone patsogolo pake zaka zisanu zikubwerazo. Mukadzayamba ntchito, mankhwala a boma omwe ali m'manja mwanu ndi a mayi wosauka wa ku Tengani ndi mwana wamasiye wa ku Chapananga. Kuwatulutsira pakhomo la kuseri kukagulitsa ndi kuba, ngakhale onse okuzungulirani atamachita. Chinsinsi cha wodwala ndi amananso: zomwe mwaona m'chipinda choyezera zisafike pa bwalo la bawo kapena pa WhatsApp.

Chachitatu, wodwala alibe mtundu. Ife Asilamu m'chigwa chino ndife ochepa, ndipo takhala tikuthandizidwa ndi manja a anthu a zipembedzo zina pa Montfort ku Nchalo, pa Trinity ku Muona ndi m'zipatala za boma. Inunso mudzathandize Msena, Mmang'anja, Mlomwe, Myao ndi wochokera kutsidya kwa Mozambique mofanana, Mkhristu, Msilamu ndi wopanda chipembedzo. Chachinayi, musanyoze makolo anu chifukwa mwadziwa Chingerezi cha m'mabuku. Mayi yemwe anagulitsa mbuzi yake yomaliza kuti mukwere basi ndiye mphunzitsi wanu woyamba. Ndipo musataye Swala ponena kuti nthawi yachepa. Yemwe anakupatsani nzeruzo ndi Mwini nthawi.

Tsopano kwa mwana wathu uja akufuna kupita kunja. Sitikukuletsa. Maphunziro ena a ukatswiri amafunadi kuti munthu atuluke, ndipo kufuna rizki la halali kulikonse pa dziko la Allah si tchimo. Koma werengera bwino ngongole yako. Sukulu yomwe ukuphunzirayo ikuyendetsedwa ndi msonkho wa mlimi wa thonje ndi wodula nzimbe. Odwala omwe ukuphunzirira pa matupi awo ndi anthu osauka omwe anakulola kuwagwira usanadziwe kanthu. Dr. Malekebu akanatha kukhala ku America, koma anabwerera. Ngati upita, pita ndi tsiku lobwerera mumtima mwako. Ngati zinthu zidzakukanika kubwerera, phunzitsa mwana wina wa kuno m'malo mwako, ndipo usadzaiwale njira ya ku Thabwa. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Kwa inu makolo

Dokotala sapangidwa ku yunivesite, amayambira ku Sitandade 1. M'mera m'poyamba. Mwana yemwe amajomba kusukulu nyengo yonse yokolola thonje, kapena amakhala kubusa ndi ng'ombe anzake ali m'kalasi, sadzafika pa masamu a Fomu 4. Konzani nthawi kuti madrasa ndi sukulu zisalimbane, pakuti mwana akufunika zonse ziwiri. Musamulole kusiya Physics ndi Chemistry chifukwa anzake amuuza kuti n'zovuta. Khomo la maphunziro onse omwe tatchulawa lili pamenepo.

Makamaka tikuchondererani pa ana aakazi. Ambiri mwa ife timadandaula kuti akazi athu akapita kuchipatala amaonedwa ndi amuna. Nanga dokotala wamkaziyo adzachokera kuti ngati mwana wathu wamkazi timamuchotsa Fomu 2 kuti akakwatiwe? Sitingakolole pomwe sitinadzale. Malamulo a dziko lino, kuyambira pomwe anakonzedwa mu 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo njala ya chaka chimodzi isatichititse kugulitsa tsogolo la zaka makumi asanu. Mbuzi ndi ng'ombe za malowolo zimatha, ndipo zina zimapita ndi madzi. Maphunziro a mwana wanu madzi osefukira sangawakokolole. Ndipo inu anyamata ofuna kukwatira mtsikana yemwe ali pa maphunziro, dekhani mpaka amalize, kapena lonjezani pamaso pa mboni kuti simudzamuletsa, ndipo musunge lonjezolo.

Kwa jamaa yonse

Pali ngongole ya boma yothandiza ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, yoyendetsedwa ndi bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, koma si onse amaipeza, ndipo oipezawo siwakwanira pa zonse. Mwana amafunika malo ogona, chakudya, kompyuta, ndalama yoyendera ndi zipangizo zophunzirira. Tamva kwa ana athu omwewa kuti ena amadya kamodzi pa tsiku, ndipo ena anatsala pang'ono kubwerera kumudzi chifukwa cha ndalama yosakwana mtengo wa mbuzi ziwiri. Kodi si zamanyazi kuti mwana yemwe wagonjetsa mayeso agonjetsedwe ndi njala, ife tili ndi makola?

Mutu umodzi susenza denga. Tikupempha zinthu zinayi zomwe tingazithe. Choyamba, komiti ya Mzikiti uliwonse ilembe mayina a ana a m'dera lake omwe ali Fomu 3, Fomu 4 ndi m'makoleji, kuti tidziwe yemwe akusowa chiyani vuto lisanakule. Chachiwiri, pakhale thumba la maphunziro lokhala ndi kaundula woonekera, lowerengedwa pamaso pa jamaa, kuti wopereka apereke ndi mtima wokhazikika. Wophunzira wosauka ali m'gulu la oyenera kulandira Zakaat, ndipo eni ng'ombe, eni masitolo ndi ogwira ntchito ku kampani ya shuga akumbukire zimenezi powerengera chuma chawo. Yemwe alibe ndalama apereke thumba la mapira kapena nkhuku. Chachitatu, ophunzira omwe ali pa tchuthi apatule masiku awiri pa sabata kuphunzitsa azing'ono awo masamu ndi sayansi m'chipinda cha madrasa, ndipo khomo likhale lotsegukira ana onse a m'mudzi posayang'ana chipembedzo. Chachinayi, aphunzitsi ndi odziwa intaneti athandize ana omwe akhoza MSCE kulemba mafomu ofunsira malo ndi ngongole nthawi isanathe, chifukwa ena amatsala pakhomo osati chifukwa cholephera, koma chifukwa chosadziwa tsiku lotsekera.

Dziwani, abale, kuti munthu akamwalira ntchito zake zimaduka kupatula zochepa, ndipo mwa izo muli sadaka yopitirira ndi maphunziro opindulitsa anthu. Yemwe wathandiza mwana mmodzi kukhala mzamba adzakhala ndi gawo pa mwana aliyense wobadwira m'manja mwa mzambayo, iye ali m'manda. Ndi malonda ati omwe angapose amenewa?

Tisaiwalenso kulemekeza achipatala omwe tili nawo kale. Ambiri anachokera kumapiri kozizira n'kudzapirira kutentha kwa kuno chifukwa cha ife. Tikawalalatira ndi kuwaopseza, tikuphunzitsa ana athu omwe kuti kuchigwa si malo ogwirako ntchito. Ngati pali cholakwika, tikachitule kwa oyenera mwaulemu.

Duwa

E Allah! Adalitseni ana athu pa maphunziro awo, atsegulireni nzeru zawo, ndipo muwapatse maphunziro opindulitsa ndi mitima yodzichepetsa. E Allah! Atetezeni ku chinyengo, ku ulesi ndi ku mayesero a m'mizinda, ndipo muwabwezere kwa ife ali ndi chikhulupiriro ndi luso. E Allah! Alipireni makolo omwe akudzimana chifukwa cha ana awo, ndi aphunzitsi omwe akuphunzitsa m'malo ovuta. Chizani odwala athu omwe ali m'zipatala ndi m'makomo, akhululukireni omwe anatitsogolera, ndipo muwachitire chisoni omwe anapita ndi madzi ndi milili. E Allah! Tipatseni mvula ya madalitso, osati ya chionongeko, ndipo dzetsani mtendere m'chigwa chathu ndi m'dziko lathu la Malawi. Ameen.

E inu akapolo a Allah! Mukumbukireni Allah ndi kumuthokoza pa mtendere Wake. Imirirani tiswali.